Mphete M'kamwa mwa Chilombo

Achimwene anga a Halvard ali ndi dzina limodzi la anthu onse amene amabwera kuno ku Longyearbyen, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, nthawi imene dzuwa lasiya kulowa kwa miyezi. Amati ndi mame. "Mlendo ndi mame, Gunvor," amatero akuloza pawindo ndi kapu ya khofi. "Angomva kuti mdima wayandikira, uwapezanso kuti?"

Ndiye taganizani tsoka la Eivind, mnyamata wofukula mafupa wa ku Oslo, mzinda waukulu wa kummwera, amene mwa atsikana onse a pachilumba pano anakonda Torunn, mwana mmodzi yekhayo wa mkulu wouma mutu ameneyu. Ine ndine azakhali ake a Torunn. Ntchito yanga nyengo yofukula ndi kuima ndi mfuti pamwamba pa anthu a mafupawa, kuti chimbalangondo choyera chisawadye ali chiweramire. Choncho nkhani iyi si ya kandimverere ayi, ndinaliko.

Torunn analumbira kalekale kuti sadzavala mphete ina koma ya malemu mayi ake, a Borghild. Mpheteyo inkakhala m'kachitini ka fodya m'kabati ya achimwene, ndipo wofuna mwanayo anayenera kudzera pomwepo.

Tsiku limene Eivind anabwera kudzaipempha anavula nsapato pakhomo monga timachitira tonse, koma sokosi yake ya kumanja inali yobooka, chala chachikulu chili panja ngati nachonso chabwera kudzapereka moni. Achimwene anachiyang'ana chalacho nthawi yaitali.

"Paja umati umagwira ntchito yanji?"

"Mukudziwa kale, bambo."

"Nenanso, imandisangalatsa."

"Ndimafukula mafupa a zilombo za m'nyanja zakalekale."

"Pamwamba pa phiri."

"Eya bambo. Phirilo kale linali pansi pa nyanja."

"Wamva Gunvor? Ine ndakumba phiri moyo wanga wonse, ndinkatulutsa malasha anthu n'kumaotha. Uyu amakumba ndi burashi yotsukira mano, n'kutulutsa nyama yoti anzake anadya kale."

"Achimwene, mwanayu sanabwerere chipongwe chanu," ndinatero. "Perekani mpheteyo. Mukufuna Torunn akalambire m'khola la agalu okoka ngolo ngati ine?"

Anandiponyera diso loipa, koma anadzuka. Atabwera ndi kachitini kaja ndinawamvera chisoni, chifukwa ndinkadziwa chimene ankaopa. Sankadana ndi mnyamatayo ayi. Ankaopa kuti adzawatengera mwana kummwera, iwo n'kutsala okha m'nyumba miyezi yonse ya mdima.

"Tamvera iwe mame," anatero. "Musanakwere ndege yobwerera kwanu, mphete iyi ndiione pachala cha mwana wanga kapena m'dzanja langa lino. Ikasowa, nawenso usowe."

"Sisowa, bambo."

Eivind anatulutsa tishu m'thumba, anaikulunga mpheteyo bwinobwino n'kuiika m'thumba la pachifuwa. Ofukula mafupa ndi otero. Chilichonse chimene amachiona chamtengo, kaya ndi dzino, kaya kafupa kochepa ngati mpunga, amachikulunga mu tishu.

*

Chaka chimenecho phiri lakuda la kutsidya kwa nyanja linawakomera mtima ofukula mafupawo. Eivind anapunthwa pa chinthu chimene ankayesa mwala, koma linali fupa la msana, ndipo atalitsatira anapeza chilombo chathunthu chitagona cham'mbali. Mutu wokha unali wautali kuposa tebulo la achimwene, mano ngati nthochi, zipsepse zinayi ngati nkhafi. Anthu akuluakulu ophunzira anavina m'matope ngati ana, mpaka mkulu wa gulu, mayi wa imvi zake, analira.

Mwambo wawo ndi woti wopeza chilombo ndiye amachipatsa dzina. Eivind sanachedwe n'kuganiza komwe.

Torunn ndiye ankatibweretsera chakudya pa boti. Tsiku limenelo anakwera phiri atabereka chikwama cha buledi, khofi ndi tchizi chofiirira, ndipo asanapume n'komwe anamva munthu akukuwa m'dzenje:

"Samalani, mwaponda mchira wa Torunn!"

Wina anayankha, "Torunn wathyoka nthiti ziwiri, bweretsani guluu!"

Mwana wa achimwene anatula chikwama pansi, manja m'chiuno.

"Eivind! Tabwera kuno. Anyamata anzako amapatsa akazi maluwa. Iwe waona chinyama cha mano ngati makasu, n'kuti eya, uyu ndi Torunn?"

"Ndi chokongola kuposa zonse zimene ndinapezapo," anatero Eivind, nkhope itafiira.

"Chinkadya chiyani?"

"Chilichonse chimene chadutsa kutsogolo kwake."

"Basi dzinalo lakhala," anatero Torunn, ndipo dzenje lonse linafa ndi phwete.

Mmodzi yekha sanaseke. Vigdis, wokonza mafupa ku nyumba yosungira zakale ku Oslo, anali chibwenzi cha Eivind zaka za m'mbuyomo, ndipo ngakhale chinatha, iye mumtima anali asanatseke chitseko. Mkazi ameneyu ankandidabwitsa. Tonsefe tinkaoneka ngati tatuluka m'ngalande, koma iye tsitsi lili m'malo, zikhadabo zopaka zofiira, pamwamba pa phiri!

Anayandikira akupukuta manja.

"Usadzimve kwambiri, mnzanga. Chaka china kunalinso chilombo chotchedwa Vigdis. Pano chili m'bokosi m'chipinda chapansi, palibe amene amakachiona."

"Ndiye kuti chinali chaching'ono," anatero Torunn akumwetulira.

Koma ine mwanayu ndinamulera, ndimamudziwa. Mawuwo anamulasa. Anagawa khofi osamuyang'ana Eivind, ndipo kapu ya mnyamatayo anaithira theka. Eivind anamutsatira mpaka kuseri kwa tenti yophikira, kumene ine ndinali kutsuka mfuti, makutu ali tcheru.

"Ndiye chaka chilichonse mkazi watsopano, chilombo chatsopano?"

"Torunn, dzina lija sindinapereke ndine. Vigdis anapereka yekha."

"Anadzitchula yekha?"

"Eya. Ndipo chilombocho tinachipeza chopanda mutu."

Torunn anayesetsa kugwira mkwiyo wake, koma unamupulumuka. Anaseka mpaka kukhala pansi pa thumba la mbatata, kenako anatenga kapu ija n'kuidzaza.

*

Masiku otsiriza anafika ndi chipwirikiti. Wailesi inati kukubwera mphepo yamkuntho, ndipo helikopita yodzanyamula mafupa ibwera msanga, ikapanda kutero ndiye mpaka chaka chamawa. Mafupa amenewa sungangowanyamula, amayoyoka ngati bisiketi. Amayamba awaphimba ndi tishu yonyowa, kenako amawakuta ndi ziguduli zoviika m'chikhakha, chonga chija amamanga nacho mwendo wothyoka kuchipatala. Chikauma amadula chigulumwa chonsecho ndi dothi lake lomwe.

Aliyense anali mbuu kuyera. Vigdis anagwada pamutu pa chilombo, akutseka mipata ya pakati pa mano. Mwadzidzidzi anakuwa:

"Tishu yatha! Aliyense apise m'matumba, msanga, chikhakha chikuuma!"

Anthu anatulutsa zimene anali nazo. Eivind, maso ali kumitambo, khutu lili ku helikopita, anapisa m'matumba onse mpaka la pachifuwa, n'kuunjika zonse m'dzanja la Vigdis. Posakhalitsa mutu wonse unali utakutidwa.

Helikopita inachikweza chigulumwacho pa chingwe, chikuzungulira pang'onopang'ono m'mwamba, ife tikuomba m'manja ndi kukuwa. Ulendo womaliza inatenganso Vigdis, amene anayenera kuperekeza mafupawo ku doko n'kutsogola ku Oslo kukawalandira. Pokwera anatembenuka n'kumubayibitsa Eivind mwaulemu kwambiri, zimene zinandidabwitsa pang'ono.

*

Mphepo isanafike kunagwa bata, dzuwa lili ngwee panyanja. Eivind anasamba kumaso, anapesa tsitsi ndi zala, n'kumupempha Torunn kuti akayende pamwamba pa phiri.

Kuno chibwenzi chilibe chinsinsi. Kunja kwa tauni sungayende popanda wamfuti, ndiye ndinawatsatira.

"Azakhali, simungatalikireko pang'ono?" anatero Torunn.

"Chimbalangondo sichidziwa za chikondi, mwanawe. Ine ndayang'ana kumbali, inu pitirizani."

Ndinayang'anadi kumbali, koma ndi diso limodzi. Eivind anagwada pamiyala. Analankhula mawu abwino, kunena zoona, ngakhale ankachita chibwibwi. Anati wakhala akufunafuna zinthu zakufa moyo wake wonse, ndipo sankadziwa kuti chamoyo chidzamupeza chokha chitakwera boti. Kenako anapisa dzanja m'thumba la pachifuwa.

Linatuluka lopanda kanthu.

Anapisanso. Anapisa m'thalauza, m'jekete, anavula chipewa n'kuchikutumula. Nkhope yake inayera kuposa chikhakha chija. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana kumene helikopita inalowera.

"Mayo ine," ananong'ona. "Tishu ija."

"Tishu yanji?" anafunsa Torunn.

"Mphete ya amayi ako. Ndinaikulunga mu tishu. Torunn, ili m'kamwa mwa chilombo."

Ine mtima unagwa, chifukwa mawu a achimwene ndinkawakumbukira bwino. Ndinkayembekeza kulira, mwina ndi pama lomwe. Koma Torunn anayamba kunjenjemera mapewa, kenako anaphulika chikhakhali chimene chinadzidzimutsa mbalame kuphompho.

"Ndiye kuti Torunn wavala kale mphete!" anatero akupukuta misozi. "Wangolakwitsa Torunn wake!"

"Usaseke, bambo ako andipha."

"Akupha ndithu. Koma funsa kaye, bondo likupwetekatu pamiyalapo."

"Udzakwatiwa nane?"

"Chitsiru iwe. Eya!"

Eivind anasolola ulusi wa chiguduli umene unakanirira pa jekete yake, n'kuumanga pachala cha mtsikanayo. Apa ndiye ndinayang'anadi kumbali ndi maso onse awiri, chifukwa anali atadzaza misozi, ndipo chikanabwera chimbalangondo nthawi imeneyo chikanatidya tonse atatu.

Potsika ndinafunsa ngati sangathamangire ku doko kukaswa chikhakhacho. Eivind anapukusa mutu. Kuswa mwachisawawa n'kuphwanya mutu wa chilombo, ndipo amachitsegula pang'onopang'ono ku Oslo, ndi timipeni, mwina mpaka miyezi.

"Auzeni bambo kuti ili kwa osula, akuichepetsa," ndinatero. Inde, ndinapereka nzeru ya bodza, ndipo sindikuchita nayo manyazi.

"Ayi azakhali," anatero Eivind. "Ine kunama sinditha. Ndikawauza momwe zilili."

Aka kanali koyamba kunditchula azakhali, ndipo ndinakondwa.

*

Titabwerera m'tauni Torunn anawatumizira bambo ake uthenga: "Ababa, tikubwera ndi nkhani ziwiri, yabwino ndi inayo. Tenthetsani chiwaya cha mawafulo." Iwo anayankha ndi liwu limodzi: "Inayo?"

Tinawapeza atavala juzi yawo ya pa Khirisimasi, tebulo litayalidwa, mawafulo aja, timikate tathu ta m'chiwaya, ali mulu m'mbale. Maso awo anathamangira pachala cha Torunn n'kupezapo ulusi.

"Ichi n'chiyani?"

Eivind anaimirira mowongoka, sokosi zatsopano kumapazi, n'kufotokoza zonse osabisa kanthu: tishu, mphepo, helikopita. Achimwene anamvetsera khosi likufufuma.

"Mphete ya mkazi wanga," anatero motsitsa, "waipereka kwa ng'ona yakufa."

"Si ng'ona kwenikweni, bambo, ndi..."

"Khala chete, Eivind!" tinakuwa ine ndi Torunn nthawi imodzi.

"Ndinati chiyani, Gunvor? Ndinati ikasowa nayenso asowe. Ndege yawo inyamuka mawa. Akwere."

"Sindikwera, bambo."

"Wati chiyani?"

"Sindikupita. Tikiti ndabweza. Ndapempha ntchito yodyetsa agalu kukhola kumene Torunn amagwira nthawi ya chisanu, ndipo andilola. Ndikhala kuno mdima wonse. Mphete ndikaitenga tsiku limene adzatsegule chikhakha, koma kwathu tsopano ndi kuno, ngati mungandilole."

Ngakhale Torunn izi sankazidziwa. Anagwira pakamwa. Achimwene anakhala pansi pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakankha chitseko ndi mphamvu zonse n'kupeza kuti chinali chotsegula kale.

"Mdima umaudziwa iwe? Si wa kwanu uja wa maola ochepa. Kuno umadzuka kuli bii, kudya masana kuli bii. Amuna a ndevu zawo amalira."

"Ndidzalira, bambo. Koma ndidzalirira konkuno."

Achimwene anayang'ana chithunzi cha a Borghild pakhoma. Kenako ndinaona masharubu awo akugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma kunali kuseka, kuseka kumene sindinakumve chimwalirireni mlamu wanga.

"Borghild!" anatero akumenya tebulo. "Zaka zonse zija ankandivutitsa, Halvard nditengere ku Oslo, Halvard ndikaone nyumba ya mfumu. Ine ayi, chaka chamawa, chaka chamawa. Lero wapita yekha, pa helikopita, m'kamwa mwa chilombo!"

Tinaseka tonse mpaka m'mimba kupweteka, misozi ikusakanikirana, ya chimwemwe ndi inayo. Achimwene anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi n'kumuloza Eivind ndi foloko.

"Tamvera. Dzuwa likadzatulukanso mu Malichi, ndikakupeza ukadali pano, mphete ili pachala cha mwana wanga, paukwati ndidzaimba ndine."

"Ababa, chonde musadzaimbe," anatero Torunn.

"Ndidzaimba! Khala pansi, mkamwini, mawafulo akuzizira."

Mkamwini! Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwa Halvard ine ndikumva. Eivind anadya mawafulo ngati sanadyepo chibadwire, achimwene akumuunjikira tchizi ndi jamu, uku akumuphunzitsa mayina a agalu oluma. Torunn anatsamira paphewa langa, akuzunguza kaulusi kaja pachala.

"Azakhali, ndine wokondwa mpaka ndikuchita mantha," anandinong'oneza.

"Usaope, mwanawe. Idya."

*

Chakudza sichiimba ng'oma. Tili pa kapu yachiwiri ya khofi, foni ya Torunn inanjenjemera patebulo. Anaitenga akumwetulira, poganiza kuti ndi anzake ofuna kumva nkhani. Kumwetulirako kunazima.

"Ndani?" ndinafunsa.

Anaiika foniyo pakati pa tebulo kuti tonse tione.

Chinali chithunzi cha dzanja la mkazi, zikhadabo zofiira, litatsamira pawindo la ndege. Pachala panali mphete yopyapyala yagolide ya kamwala kobiriwira. Mphete imeneyo ndinaiona koyamba tsiku la ukwati wa achimwene, sindingaisokoneze ndi ina. Pansi pake panali mawu, ndipo Torunn anawawerenga mokweza, liwu lili phwa:

"Uwauze bambo ako asadandaule, mphete siili m'chikhakha. Eivind anandipatsa yekha m'dzanja, anthu onse akuona. Yandikwana bwino. Mufunse ngati ndikunama. Vigdis."

Njoka ya mkazi! Ndiye kuti anaimva kulimba mkati mwa tishu muja, n'kuibisa, n'kutibayibitsa bwinobwino pokwera helikopita. Ine ndinazindikira nthawi yomweyo. Koma achimwene kuphiri kunalibe, ndipo za chibwenzi chakale cha awiriwa anali atazimva kale m'tauni, pakuti kuno nkhani imafika munthu asanavule nsapato.

Anatembenukira kwa Eivind.

"Ndikufunsa kamodzi. Mphete ya mkazi wanga unaiika m'dzanja la mkazi uyu?"

Ndinamutsinzinira mnyamatayo, ndinamuponda phazi pansi pa tebulo. Koma paja anati kunama satha.

"Ndinaiika, bambo. Koma sindinkadziwa kuti..."

Achimwene anadzuka osamva zotsalazo. Anapita pakhomo, anatenga nsapato za Eivind n'kubwera nazo mpaka m'chipinda chodyera, m'nyumba imene nsapato sinapondemo chimangireni. Anaziika pamaso pake, pafupi ndi mbale ya mawafulo.

"Achimwene, tamverani kaye, ine ndinaliko!" ndinatero.

"Iwe unali kuyang'ana zimbalangondo, Gunvor."

Eivind anayang'ana Torunn. Torunn anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana kaulusi kaja. Sanakavule. Anadzuka, anapita pakhomo, n'kubwera atanyamula nsapato zake iye mwini. Anakhala pansi n'kuyamba kumanga zingwe, mwamphamvu ngati akumanga galu wovuta.

"Ukupita kuti?" anafunsa bambo ake.

"Eivind, iwe ukhala konkuno, agalu akufuna chakudya m'mawa," anatero osadzutsa mutu. "Azakhali, ndege ya mawa ija inyamuka nthawi yanji?"

"Torunn," anatero achimwene, ndipo liwu lawo linali laling'ono ngati la mwana. "Sunapiteko kummwera chibadwire. Ukapita kumeneko..."

"Ndikupita kukatenga mphete ya amayi anga, ababa. Chala chikakana ndibwera nacho chomwecho."

Achimwene anagwira mpando. Zaka zonsezi analondera khomo kuti mlendo asawatengere mwana ku Oslo. Tsopano mlendoyo ndiye ankatsala, atakhala phee ndi sokosi zake zatsopano, ndipo amene anavala nsapato anali mwana wawo.